Andipatsa prednisolone wolowetsa kumbuyo, alipo anagwiritsapo ntchito mankhwala amenewa?

Telala wa pa Kamuzu Road, Salima:

Moni nonse. Nkhani yangayi ndi yovuta kuikamba pagulu, n'chifukwa chake sindilemba dzina, koma ndikufuna nzeru kwa anthu amene anadutsamo.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Kamuzu Road. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikuona magazi pochita chimbudzi, osakanikirana ndi zonanda zoyererako. Chimbudzi chikandigwira sichidikira. Ndikathamangirako, zotuluka ndi zochepa, magazi ndi mpweya basi, koma podzuka ndimamvabe kuti sindinamalize. M'mawa ndiye mpamene pamavuta kwambiri. Pena kasitomala ndikumuyeza m'chiuno, ndimangomusiyira tepi m'manja ine n'kuzungulira kuseri.

Poyamba aliyense ankati ndi kamwazi. Ndinamwa flagyl, ndinamwa cipro, anandipatsanso praziquantel wa likodzo poti ndinakulira ku Senga Bay, kuchapa ndi kusamba konse kunali m'nyanja. Zinkachepa pang'ono n'kuyambiranso. Mapeto ake ananditumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene anandiunika m'thumbo ndi kapaipi ka kamera, n'kudulako kamnofu kukayeza. Zotsatira zitabwera adokotala anati ndi ulcerative colitis, koma yangogwira kumapeto kwenikweni kwa thumbo lalikulu, ndipo m'kabuku kanga analembamo kuti proctitis. Anandionetsa chithunzi chake. Kumunsi kunali psuu, kosupukasupuka, koma kumtunda kwake kunali kosalala bwinobwino.

Anandilembera mapiritsi a sulfasalazine, komanso timibulu ta prednisolone ta 5 mg tolowetsa kumbuyo, kamodzi m'mawa ndikachoka kuchimbudzi, kena usiku pogona, kwa milungu 4. Timibuluti sitinali tophweka kupeza, tinachita kuitanitsa kudzera ku famase ina ya ku Lilongwe, ndipo ndalama inapita yambiri. N'chifukwa chake zikundiwawa kuti ka m'mawa sikakukhala m'thupi. Ndikangolowetsa ndimamva kuti ndithamange, ndipo kamatuluka kasanasungunuke n'komwe. Ka usiku kamakhalako bwino. Ndikuchita kulira ndikaona mankhwala odula chonchi akugwera m'dzenje.

Kwinaku kutentha kwa kuno mukukudziwa. Nyumba yathu ndi ya malata, filiji tilibe, ndipo tina ndikamatsegula ndikupeza tafewa mwakuti kugwira kwake n'kovuta.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mantha. Mayi anga aang'ono anamwa prednisolone zaka zambiri chifukwa cha mphumu. Nkhope yawo inatupa, shuga anawapeza, kenako msana unayamba kuwavuta. Kodi inenso ndikupita komweko? Magazi akasiya msanga, ndingaleke ndisanamalize milungu 4 ija? Apongozi anga nawo akuti awa ndi matenda a mudzi, akufuna anditengere kwa munthu wina wa zitsamba cha ku Khombedza, ndipo akuti mankhwala olowera kumbuyo si a munthu waulemu.

Dalaivala wa ku Dwangwa:

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ndakhala nawo zaka zambiri, ndipo anga anakwera kuposa anuwo, anagwira mbali yonse ya kumanzere ya thumbo. Ndimayendetsa lole mu msewu wa M5, ndiye zogwidwa ndi chimbudzi pakati pa ntchito ndikuzidziwa, ndi mmene zimamuchotsera munthu mtendere.

Ka m'mawako vuto lake ndi nthawi. Matenda athuwa m'mawa munthu sapita kuchimbudzi kamodzi, m'mimba mumafuna mutulutse kangapo musanakhazikike. Mukalowetsa mutangochoka ulendo woyamba, ulendo wachiwiri ukakokolola. Muzidzuka molawirira, mudikire mpaka mumve kuti m'mimba mwakhala bata, ndiyeno mulowetse. Ndipo musalowetse chiimire kapena chonjuta kuchimbudzi konko. Bwererani kuchipinda mugone chammbali, mbali ya kumanzere pansi, mwendo wapansi wowongoka, bondo lakumanja lipinde kufika pamimba. Sambani m'manja, nyowetsani kambuluko ndi madzi oyera kuti katerere, ndipo mukakankhe ndi chala mpaka kapitirire mnofu wotseka uja, kuya kwake masentimita 3 kapena kuposerako pang'ono. Ambiri timakasiya pakhomo penipeni chifukwa cha mantha a ululu, ndipo mnofuwo umangokalavulira kunja.

Mukatero panani matako, mukhale chigonere mphindi 15 kapena 20. Mphindi zoyambirira mudzamva mwamphamvu kuti muthamange. Musadzuke. Pumani pang'onopang'ono, mokoka mpweya wambiri, kumvako kumadutsa. Masiku oyamba ndi amene amavuta chifukwa malowo ndi otupa ndipo sakufuna kukhudzidwa ndi chilichonse, koma akayamba kupola amayamba kusunga okha. Kakatuluka katasungunuka kale musabwereze kena, gawo la mankhwala lalowa kale.

Ine timibulu sitinkandikwanira chifukwa timangofika pafupi, masentimita 10 kapena 15. Anandipatsa prednisolone wamadzi, 20 mg m'kabotolo ka 100 ml, wothira usiku. Ameneyu amakwera mpaka cha pansi pa nthiti za kumanzere, koma kusunga madzi ochuluka chotero thumbo lili lotupa si ntchito yamasewera. Chinandithandiza ndi kufunditsa kabotoloko m'khwapa kaye kuti kasakhale kozizira, kufinya pang'onopang'ono osati mwakamodzi, ndi kuyala chitenje chakale pabedi kuti mtima ukhale m'malo. Ulendo wina ndinagwiritsa ntchito wathovu wa budesonide, wa 2 mg, amene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg adokotala atandilembera. Thovu ndi lopepuka, silivuta kusunga, ngakhale silikwera patali ngati madzi. Inu poti matenda anu ali kumunsi, timibuluto ndi tokwanira. Musataye mtima nato.

Wogulitsa nsomba pa Chia:

Zimene alemba amayiwa ndi zangazanga. Magazi, zonanda, kupita kuchimbudzi pafupipafupi, mwezi wachiwiri uno. Ine ya ulendo wa ku Lilongwe ndilibe. Ndithandizeni dzina la famase, nditume mnzanga wa minibasi akandigulire timibuluto.

Nesi wopuma ntchito, Nkhotakota boma:

Ndiyambe ndi inu bambo a pa Chia, chifukwa uthenga wanu wandidetsa nkhawa. Chonde musagule. Prednisolone sapha kachirombo kalikonse. Ntchito yake ndi kutontholetsa chitetezo cha m'thupi. Pa ulcerative colitis chitetezocho ndi chimene chasokonekera, chikulimbana ndi khungu la mkati mwa thumbo la mwiniwake, ndiye kuchitontholetsa kumathandiza. Koma ngati magazi anuwo akubwera chifukwa cha amoeba, kachirombo koyambitsa kamwazi, mukatontholetsa chitetezo mwamupatsa mpata woti adye thumbo momasuka, ndipo akhoza kuliboola. Munthu amachoka pa matenda ochizika ndi flagyl n'kufika pa opareshoni.

Ndiponso inu ntchito yanu ndi ya m'madzi. Anthu ambiri kuno kunyanja amadziwa likodzo lokodza magazi lokha, koma liliponso la m'matumbo, limene mazira ake amakanirira m'khoma la thumbo n'kumatulutsa magazi m'chimbudzi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Palinso kamwazi wa mabakiteriya, TB ya m'matumbo, matenda opatsirana pogonana amene amagwira njira ya chimbudzi, mudzi weniweni, ndi khansa, makamaka ngati mwapitirira zaka 40 kapena mukuonda. Zonsezi kunja zimaoneka zofanana. Kuno kwathu matenda a tizirombo ndi amene ali ochuluka, n'chifukwa chake amayi a ku Salimawa anayamba apatsidwa mankhwala ena aja asanafike pa kamera. Simukufunika kuyambira ku Lilongwe. Pitani ku chipatala cha boma chapafupi, akayeze chimbudzi ndi mkodzo ku labu, akayeze magazi kuphatikizapo HIV, ndipo mulole akupimeni ndi chala. Kumeneko ndi kumene angaone ngati mukufunika kutumizidwa patsogolo.

Tsopano kwa iwe mwana wanga telala. Zimene akuuza achimwene a ku Dwangwa ndi zoona, utsatire. Ine ndikambe za manthawo.

Mayi ako aang'ono ankamwa mapiritsi, mankhwala n'kumazungulira thupi lonse, ndipo anamwa zaka. Iwe ukuika mlingo wochepa pamalo odwalawo kwa milungu yowerengeka. Chilonda cha pamwendo timapaka mankhwala pachilondapo, ndipo cha m'thumbo chimene chili pafupi ndi khomo ndi chimodzimodzi. Apongozi ukawauze zimenezo. Njirayi si yachilendo ayi. Dokotala wina wa ku Oxford, Sidney Truelove, anayamba kuthira hydrocortisone kumbuyo kwa odwala matendawa kale mu 1956, ndipo mpaka lero madokotala a dziko lonse akuigwiritsa ntchito.

Sindikunamiza kuti palibe cholowa m'magazi. Gawo lina limalowa ndithu, makamaka malowo akakhala ndi zilonda. N'chifukwa chake mankhwalawa ali ndi malire a nthawi. Pa milungu 4 nkhope kutupa kapena mafupa kufooka si zinthu zoyembekezereka. Zimabwera kwa munthu amene waona kuti mankhwala amuyanja, n'kumangogula yekha mwezi ndi mwezi osabwerera kwa dokotala. Komabe uzidzimvetsera. Ukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusowa tulo kapena mtima kukwiyakwiya mosadziwika bwino, kanene. Ngati uli kale ndi shuga kapena BP, ziziyezedwa pa nthawi imeneyi. Ngati uli woyembekezera kapena ukuyamwitsa, usasiye mankhwala pawekha, ungowadziwitsa adokotala, chifukwa matenda olusa ndi amene amaopseza mimba kwambiri.

Magazi akasiya usaleke. Magazi amasiya msanga khungu la mkati lisanapole, ndipo ukalekera panjira abwerera, ndalama ija n'kukhala yapita pachabe. Maliza monga analembera. Kumapeto kwake adokotala ambiri sakonda kuti munthu amene wadutsa milungu 3 pa steroid, gulu la mankhwala limene muli prednisolone, asiye mwadzidzidzi. Amayamba achotsa ka m'mawa, kenako usiku wina kuika usiku wina ayi. Chifukwa chake n'chakuti pamwamba pa impso pali tiziwalo timene timapanga steroid wa thupi lathu, ndipo tikaona kuti wina akubwera kuchokera kunja timachepetsa ntchito, ndiye timafunika nthawi kuti tidzuke. Ukafunse mmene akufuna usiyire, akulembere m'kabuku.

Budesonide amene atchula achimwenewo ubwino wake ndi woti gawo lolowa m'magazi likafika ku chiwindi, pafupifupi magawo 90 pa 100 amaphwanyidwa asanazungulire thupi. Koma apa pali msampha umene aliyense wowerenga ayenera kuudziwa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir wosakaniza ndi ritonavir, chiwindi chawo sichiphwanya budesonide bwino, ndipo amadzazana m'thupi mpaka nkhope kutupa ngakhale analowera kumbuyo. Mankhwala a TB a rifampicin amachita zosiyana, amafoola mphamvu ya steroid. Muzimuonetsa dokotala mankhwala onse amene mukumwa, osabisa ena.

Chimene ndikufuna ukafunse kwenikweni ukadzapita kukaonedwanso ndi ichi: prednisolone akatha, nanga kenako? Ulcerative colitis satheratu, amagona n'kudzadzukanso, ndipo steroid sateteza kuti asadzuke. Pa matenda a kumunsi ngati akowa, mankhwala amene mabuku a udokotala amaika patsogolo ndi timibulu ta mesalazine ta 1 g, kamodzi usiku. Si steroid, pa proctitis timagwira ntchito kuposa steroid wolowetsa, ndipo tingathe kupitirizidwa nthawi yaitali, mwina kawiri kapena katatu pa sabata matenda akagona. Vuto lake ndi kapezekedwe ndi mtengo, ndipo mwina n'chifukwa chake anakuyambitsa pa zimene uli nazozi. Sulfasalazine ukumwayo ndi wa banja lomwelo, ndiye usamusiye ngakhale utapeza bwino.

Brufen, diclofenac ndi indocid uzipewe, amatha kudzutsa matendawa. Mutu kapena msana ukawawa chifukwa chokhala pa makina, imwa panado. Mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba usamwe nthawi imene magazi akutuluka. Ndipo usadabwe ukapeza kuti ukudzimbidwa kwinaku ukuthamangira kuchimbudzi. Zimachitika pa proctitis, chimbudzi chimaima kumtunda kwa malo otupawo. Madzi akumwa ambiri amathandiza, ndipo zikapitirira adokotala ali ndi mankhwala ofewetsa. Zothira kumbuyo za zitsamba kapena sopo, ayi ndithu, pamalo pali zilonda pamenepo.

Tsiku limene udzapite kuchimbudzi ka 6 kapena kuposa ndi magazi, thupi likutentha, mtima ukugunda mothamanga, chizungulire, kapena mimba yatupa ndi kuwawa kwambiri, usadikire tsiku lako lokaonedwa. Pita kuchipatala tsiku lomwelo ndi kabuku kako, chifukwa pamenepo timibulu tachepa mphamvu.

Mayi wa ku Linga:

Achemwali, odwala kwathu kuno ndi bambo a kunyumba, ine ndine wosunga mankhwala. Za kutenthazo ndikuthandizeni. Pa bokosi amalemba kutentha kosayenera kupitirira, kawirikawiri madigiri 25, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala masana amadutsa 30. Ife timaika timibuluto, tili m'mapepala ake osatsegula, m'kabotolo kapulasitiki kotseka bwino, n'kukakwirira theka mu mchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Pamenepo pamazizira tsiku lonse, ndipo ana safikapo chifukwa ndinawaletsa. Kakafewabe, kaviikeni m'kapu ya madzi a mumtsuko kwa kanthawi kasanatsegulidwe, kalimba. Musamayende nato m'chikwama kupita ku ntchito. Amene ali ndi chitini cha thovu, chimenecho sichifuna dzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

M'mwezi wa Ramadan bambo anali pa mankhwala othira kamodzi pa tsiku, ndiye ankathira usiku pogona, atamasula kale, ndipo panalibe chosokoneza. Chaka chimene matenda analusa kwambiri anakamba ndi adokotala komanso ashehe, ndipo sanasale, poti wodwala amaloledwa kudzabweza masiku akachira.

Koma chachikulu ndi ichi. Amuna anu akudziwa zonse? Muwauze, ndipo akhale iwo oyankhula ndi mayi awo, osati inu. Bambo kuno anandibisira nthawi yaitali, ankachita kudikira ndigone, ndipo mankhwala ankathira mothamanga ndi mwamantha, osagwira bwino ntchito. Nditadziwa, ndinayamba kuwatulutsira ana panja nthawi ya mankhwala, n'kuika ndowa yotseka m'chipinda usiku kuti asamaope ulendo wa kuchimbudzi mumdima. Munthu akadziwa kuti ndowa ili pafupi, thupi limamasuka ndipo mankhwala amakhala. Pa ulendo wanu wotsatira wa ku chipatala, ngati ya thiransipoti ilipo, apongoziwo muwatenge akadzionere okha chithunzi chija.

Telala wa pa Kamuzu Road, Salima:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Achimwene a ku Dwangwa, ndayamba kudzuka kusanache ndi kudikira kuti m'mimba mukhazikike, ndipo ndikumagona chammbali monga munanenera. Ka m'mawa kayamba kukhala. Magazi achepa kwambiri, zonanda zikadalipo pang'ono. Dzulo ndamaliza madiresi a anthu a kwaya osadzuka pa makina mpaka masana. Kabotolo kali pansi pa mtsuko. Bambo a kunyumba anakamba ndi mayi awo, za ku Khombedza zaima kaye.

Amayi anesi, za mesalazine ndalemba pa chikuto cha kabuku kuti ndisakaiwale. Koma pali china chandiopsa. Mkodzo wanga wasanduka wachikasu kwambiri, wopita ku olenji. Kodi ndi prednisolone yemweyu wayamba kuononga impso?

Nesi wopuma ntchito, Nkhotakota boma:

Ayi mwana wanga, ameneyo ndi sulfasalazine. Amasintha mtundu wa mkodzo, pena ngakhale thukuta ndi misozi, ndipo zimenezo zokha si zoopsa. Uzimwa madzi ambiri, ndipo mapiritsiwo uzimwa utadya kuti asakuchititse nseru. Zoopsa zake ndi zina: zidzolo kapena matuza pakhungu, zilonda m'kamwa, kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi, maso achikasu, kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake. Ukaona chimodzi mwa izi, siya mapiritsiwo upite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati bactrim kapena fansidar anakuwengapo, uwauze adokotala msanga chifukwa onsewa ali ndi sulfa. Miyezi 3 yoyambirira magazi amafunika kuyezedwa pafupipafupi, ndiye ukapemphe akuyeze, aonenso ngati magazi ako sanachepe ndi kutaya kwa chaka chonsechi. Ukafunsenso za folic acid, makamaka ngati muli ndi maganizo a mwana wina.

Bambo a pa Chia, mwapita kukayezetsa? Chimbudzi chokayezetsa chizikhala chatsopano, chifike ku labu chisanathe ola limodzi, chifukwa amoeba amaoneka bwino chikadali chofunda.